Chinyezi ndi Luso Lopanga Banjo ndi Gitala kwa Chimaliro

Dera la Mfumu Yaikulu Chimaliro m'boma la Thyolo lili m'chigawo chokwera cha Shire, kumene mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti imadza ndi chiperoni, mvula yowaza yosakanizika ndi nkhungu imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Nyengo imeneyi ndiyo inakopa azungu kuti abzale tiyi, mbewu imene inayesedwa ku mishoni ya Blantyre mu 1878, nikhazikika ku Mulanje mu 1891, kenako n'kufika ku Thyolo kumene maesiteti monga Satemwa, amene anakhazikitsidwa mu 1923, anakula. Koma chinyezi chimene chimakondweretsa tiyi ndicho chimasautsa mmisiri wa zoimbira za nsambo, ndipo mbiri ya banjo ndi gitala zopangidwa pamanja m'derali imamveka bwino ikawerengedwa ngati mbiri ya anthu amene anaphunzira kulimbana ndi mpweya wosinthasintha popanda chipangizo chouyezera.

Anthu ambiri amene anagwira ntchito m'minda ya tiyi anali Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, ndipo ambiri mwa iwo anakhala pansi pa thangata, dongosolo limene munthu ankalipirira malo okhala pogwirira ntchito mwini esiteti, mpaka linathetsedwa mu 1962. Iwo anadza ndi ng'oma zawo ndi magule monga tchopa, ndipo pa ng'oma m'pamene nzeru ya chinyezi inayambira. Woimba aliyense ankadziwa kuti chikopa chikamwa chinyontho chimalefuka ndipo mawu ake amagonthama, choncho gule asanayambe ng'oma inkawambidwa pamoto, woimbayo akuizunguza ndi kuigogoda ndi chala mpaka imveke kulira kumene iye akufuna. Khutu ndi chala ndizo zinali muyezo.

Banjo ndi gitala zinafala kwambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, pamene asilikali ndi anthu obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia anabwera nazo kumudzi. Popeza zoimbira za m'sitolo zinali zodula kwa mnyamata wothyola tiyi, anyamata anayamba kudzipangira okha: thupi la banjo linkachokera ku chigubu chachitsulo cha mafuta kapena mphika wakale wokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, khosi linkasemedwa ndi kasemasema kuchokera ku mtengo wouma, ndipo nsambo zinkachotsedwa ku waya wa mabuleki a njinga. Anthu ambiri amaona zipangizo zoterezi ngati chizindikiro cha umphawi chabe, koma kuona kotero n'koperewera, chifukwa chitsulo sichitupa mu Januwale kapena kunyala mu Okutobala, chikopa chikalefuka chimabwezeretsedwa ndi dzuwa kapena moto, ndipo choimbira chokhomedwa ndi misomali sichidalira guluu amene amafewa m'chinyezi.

Fakitale ya tiyi nayo inaperekapo chake. Tiyi ankatumizidwa kunja m'mabokosi a pulayiwudi, ndiye kuti timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana, ndipo kupingasanako kumachititsa kuti thabwalo lisatambasuke kapena kunyala kwambiri nyengo ikasintha. Bokosi lotere, likaikidwa ndodo ndi chingwe chimodzi, linkasanduka choimbira cha mawu akuluakulu cha nyimbo za kwela za ku Johannesburg, ndipo kuno kwathu mtundu wake umatchedwa babatoni. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wa zoimba Gerhard Kubik anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, anali ndi choimbira cha chingwe chimodzi chotere m'gulu lawo. Ku Thyolo kwenikweni mwambo wa magulu oimba ndi banjo unafika pachimake mwa Alan Namoko, woimba wosaona amene anabadwa mu 1956 ndi kumwalira mu 1995, ndipo gulu lake linatenga dzina kuchokera ku mtsinje wa Chimvu. Nyimbo zake za m'Chilomwe ndi m'Chichewa zinamveka pa wailesi ya MBC kwa zaka zambiri.

Vuto limakula pamene mmisiri asiya chigubu n'kufuna kupanga gitala ya matabwa okhaokha. Mtengo, ngakhale utadulidwa kalekale, umapitirizabe kumwa ndi kulavula madzi molingana ndi mpweya wouzungulira, ndipo umatupa kapena kunyala m'mbali osati m'litali. Nkhope ya gitala ndi thabwa lochindikala mamilimita osapitirira 3, lomatidwa ku timitengo tolimbitsa mkati, ena mwa ito togonekedwa mopingasa, kotero kuti thabwalo likafuna kunyala timitengoto timaliletsa, ndipo mapeto ake limang'aluka motsata mitsempha yake. Gitala yomatidwa mu Febuluwale, matabwa atakhuta chinyezi, ikhoza kuoneka yangwiro mpaka dzuwa la Okutobala litaiumitsa: nkhope imalowa mkati pang'ono, nsambo zimatsika n'kuyamba kukhudza tizitsulo ta pakhosi, ndipo mng'alu umaonekera kumunsi kwa pomangirira nsambo. Yomatidwa m'chilimwe imatupa m'dzinja, nsambo n'kukwera mpaka zala kuwawa, ngakhale kuti vuto limeneli n'lochepa poyerekeza ndi mng'alu, chifukwa mtengo umapirira kutupa kusiyana ndi kunyala.

M'pake kuti akalipentala akale ankasamala posankha mtengo. Mlombwa umadziwika kuti sunyala kwambiri ukamauma, ndipo mbawa ndi wa mtundu umene opanga magitala kunja amaugwiritsa ntchito pa msana, m'mbali ndi pakhosi pa choimbira. Mitengo imeneyi yasowa m'dera lothithikana ngati Thyolo, ndipo imene ikupezeka mosavuta ndi paini, malaina ndi bulugama amene maesiteti anabzala kuti apeze nkhuni zoumitsira tiyi. Bulugama amapindika ndi kung'aluka akauma mofulumira, choncho amafuna kusanjidwa pamthunzi, timitengo titaikidwa pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, kwa miyezi yambiri asanapalidwe.

Opanga magitala m'maiko ambiri amasunga chipinda chogwiriramo ntchito pa chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 pa 100 iliyonse, muyezo umene umafanizira madzi amene ali mumpweya ndi amene mpweyawo ungathe kunyamula, ndipo amauwerenga pa kachipangizo kotchedwa hygrometer. Chodandaulitsa n'chakuti luso lolamulira mpweya lakhala lili pafupi kwa zaka zambiri, pakuti m'fakitale ya tiyi masamba amafotetsedwa ndi mphepo yopemereredwa, kenako akaphwanyidwa amasungidwa mumpweya wozizira ndi wachinyezi chambiri kuti afiire bwino, koma nzeru imeneyi inatumikira tiyi osati amisiri a m'midzi yozungulira. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata pafupi ndi Goliati mu 2014 ndipo imaphunzitsa za sayansi pamodzi ndi za chikhalidwe, ili pamalo abwino oti ikumanitse nzeru ya m'fakitale ndi luso la amisiri.

Ngakhale zili choncho, mmisiri angathe kudzilamulira yekha chinyezi, pakuti chipangizo chonyowetsa mpweya chopangidwa pakhomo sichifuna zambiri: beseni la madzi, thumba la ziguduli kapena thaulo lopachikidwa kotero kuti kumunsi kwake kwamira m'madzimo, ndi kafani kopemerera pa nsaluyo ngati magetsi alipo, m'chipinda chotsekeka bwino. Madzi amakwera m'nsalu n'kuuluka, ndipo amafuna kusinthidwa kawirikawiri kuti nkhungu za pansalu zisamere. Kwa Chimaliro chipangizochi chili ndi ntchito kuyambira mu Seputembala mpaka mvula yoyamba, kuteteza zoimbira zomalizidwa ndi matabwa opalidwa kale. M'miyezi ya dzinja ndi ya chiperoni ntchito imatembenuka, pakuti mmisiri amafuna kabati yotsekeka yokhala ndi kutentha pang'ono, monga kwa babu loyaka, mmene matabwa angagonemo masiku angapo asanamatidwe.