Gitala yobangula: kodi heavy metal ndi ya azungu?

Tayesani kuika heavy metal mu minibasi yochoka ku Zomba kupita ku Limbe. Musanafike pa Thondwe wina akhala atakuwa kale: "Tazimitsani, za azungu izo!" Koma abale, mbiri ikunena zina.

N'zoona kuti Black Sabbath, gulu lomwe ambiri amati linayambitsa chambachi, linali la anyamata achizungu a ku Birmingham, ndipo chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1970. Komatu asanatchuke ankaimba blues, nyimbo za anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo. Ndipo mmodzi mwa amene anaonetsa dziko kuti gitala imatha kubangula ngati mkango ndi Jimi Hendrix, munthu wakuda.

Tisapite kutali, tingodumpha malire a Mchinji. M'zaka za m'ma 1970, Kenneth Kaunda analamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za ku Zambia konko. Chamba cha Zamrock chinakula, magulu ngati WITCH ndi Amanaz n'kutchuka. Paul Ngozi, yemwe dzina lake lenileni linali Nyirongo, anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi gulu lake la Ngozi Family. Gitala yake inali yaukali zedi, ndipo nyimbo zina ankaimba m'Chinyanja chathu chomwechi.

Nanga kuno kwathu? Nthawi imeneyo Nyumba ya Malamulo inali ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Mu 1968 inakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mu 1973, chaka chomwe Chancellor College inasamukira ku Chirunga, kunabwera lamulo la kavalidwe. Mwamuna kusunga tsitsi lalitali unali mlandu, moti ngakhale alendo ankametedwa polowa m'dziko. Nyimbo yofatsa ngati "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu. Ngati cholembera chinkaopsa boma chonchi, gitala yobangula ikanapulumuka bwanji?

Ndiye ine ndimati nkhani si khungu ayi. Mnyamata wa ku Lusaka anamutsegulira wailesi, mnzake wa ku Chinamwali anamuonetsa lumo. Makutu athu anakula osazolowera phokosolo, lero tikuliyesa lachilendo. Musanazimitse nyimboyo, yambani mwamvera Paul Ngozi, kenako mutiuze kuti mzungu ali pati.