Matumba a mpweya a motorhome amakalamba ngakhale galimoto ili chiimire

Ku United States ndi ku Ulaya kuli galimoto zotchedwa motorhome, zomwe mkati mwake muli kama, khitchini ndi bafa, moti banja limayenda nazo maulendo ataliatali n'kumagona momwemo. Zikuluzikulu mwa galimotozi, makamaka zoyendera dizilo zomwe injini yake ili kumbuyo, sizikhala pa masipuling'i achitsulo. Thupi lonse limatsamira pa matumba a labala odzaza mpweya, omangidwa pakati pa chesesi ndi ekiselo. Matumbawa ndi osiyana ndi thumba lija limafufuma pachiwongolero pakachitika ngozi. Amafanana ndi omwe ali kunsi kwa mabasi ambiri oyenda pakati pa Blantyre ndi Johannesburg.

Lusoli ndi lakale. Kampani ya General Motors inaika matumba otere pa basi yake ya PD-4104 mu 1953, ndipo motorhome ya GMC, yomwe inkapangidwa kuyambira 1973 mpaka 1978, inali ndi thumba limodzi mbali iliyonse, pakati pa matayala awiri otsatizana akumbuyo. Mayina odziwika pa malondawa ndi monga Firestone, Goodyear ndi Continental.

Thumba limapangidwa ndi labala wolimbitsidwa ndi ulusi wa nayiloni mkati. Kompuresa imapopera mpweya m'mathanki, ndipo valavu yoyeza kutalika kwa galimoto imaonjezera kapena kuchotsa mpweya m'thumba malinga ndi kulemera kwa katundu.

Chomwe chimasokoneza eni galimotozi n'choti matumba amatha ndi zaka kuposa makilomita. Basi imagwira ntchito tsiku ndi tsiku, labala wake n'kumapindika ndi kuwongoka. Motorhome imatha kukhala pabwalo miyezi yambiri, nthawi zina mpweya wonse utachotsedwa, ndipo labala amakhala atapindika pamalo amodzimodzi. Kutentha, dzuwa ndi mpweya wa ozone zimamuumitsa. Mchenga wa pamsewu umalowa m'mapindo n'kumamukhukhuza galimoto ikayambanso kuyenda. Ming'alu imayambira mmunsi, pomwe thumba limadzipinda pozungulira chitsulo chomwe lakhalirapo, malo osaoneka bwino munthu akangosuzumira. Choncho galimoto yooneka yatsopano, yoyenda makilomita ochepa, ikhoza kukhala ndi matumba owopsa kuposa a basi yotopa. Amakaniko ambiri amayamba kukayikira thumba likapitirira zaka 10, ngakhale alipo ena amene amakhala kuposa pamenepo.

Timing'alu tapamwamba sititanthauza kuti thumba latha. Koma ulusi wamkati ukayamba kuonekera, kapena thumba likatupa mbali imodzi, palibenso chodikira. Zizindikiro zina ndi galimoto kupendekeka ikagona usiku umodzi, kompuresa kupopa mosalekeza, ndi phokoso la mpweya wothawa. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa nthawi zambiri chodontha chimakhala valavu kapena polumikizira mapaipi. Madzi asopo opoperedwa pa thumba ndi m'mapaipi amachita thovu pomwe pali vuto, ndipo amapulumutsa ndalama zogulira chinthu chosawonongeka.

Posintha, n'chanzeru kuchotsa matumba a mbali zonse za ekiselo nthawi imodzi, popeza ndi amsinkhu umodzi ndipo adutsa m'zofanana. Latsopano liyenera kukhala la nambala yofanana ndi lakale, osati longooneka lofanana. Ma shock absorber nawo ayang'anidwe, chifukwa pa galimoto zambiri ndiwo amaletsa thumba kukokeka mopyola muyeso. Ntchito ikatha, kutalika kwa galimoto kuyezedwenso motsata zomwe wopanga analemba. Kukalakwika, shafiti yopititsa mphamvu ku matayala imakhala yopendekeka ndipo imayamba kunjenjemera ndi kudya majointi.

Ngozi yaikulu ili pa munthu wokonzayo. Galimoto yolemera matani oposa 10 imatsika m'kanthawi kochepa mpweya ukathawa, ndipo mpata wotsala pansi pake sukwana chifuwa cha munthu. Wolowa kunsi ayambe watchinga matayala ndi kuika zochirikizira zachitsulo pansi pa chesesi, osadalira jeke yokha kapena miyendo yomwe motorhome imaimira ikafika pogona. Mpweya uchotsedwe wonse asanamasule bawuti iliyonse, ndipo thumba lisapopedwe lisanamangidwe mbali zonse ziwiri.