Muzu ndi Jekeseni: Njira Ziwiri za Odwala Athu

Akhristu anzanga, pamene tikukumbukira zaka 100 za parishi yathu, tisawerenge njerwa za tchalitchi ndi mayina a m'mabuku a ubatizo okha ayi. Tikumbukirenso odwala. M'zaka zonsezi, mwana akatentha thupi pakati pa usiku, mayi wakhala akudzifunsa kuti: kodi ndipite kwa sing'anga kapena kuchipatala? Mbiri ikutiphunzitsa kuti yankho lake silichokera mu umbuli monga ena amanenera, koma mu zimene anthu akumana nazo.

Ansembe a Chiyezuiti atakhazikitsa mishoni ya Boroma pafupi ndi Tete m'zaka za m'ma 1880, anapeza makolo athu ali ndi mankhwala awo kale. Ankadziwa khungwa lowawa la muwawani pochiza m'mimba ndi malungo, ankatema mphini, ndipo azamba ankathandiza amayi pobereka. Nawo azungu ankadalira kwinini pa malungo amene anapha ambiri a iwo m'chigwa cha Zambezi, monga Mary, mkazi wa David Livingstone, amene anamwalira ku Chupanga mu 1862. Tsono kwininiyo anali chiyani? Anali khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, limene Ayezuiti omwewo anathandiza kufalitsa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo akatswiri awiri a ku Paris anapatulamo mphamvu yake mu 1820. Ngakhale Coartem wa masiku ano ali ndi mankhwala ochokera ku chitsamba cha ku China, amene mayi Tu Youyou ndi anzake anawatulukira m'zaka za m'ma 1970. Choncho muzu ndi jekeseni ndi pachibale. Kusiyana kwake n'kwakuti wakuchipatala anayesedwa ndipo muyeso wake ukudziwika.

Chifukwa choyamba chimene anthu amasankhira ndi mtunda. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Pa 24 Julaye 1975 boma la Samora Machel linatenga zipatala zonse, ndi za mishoni zomwe, pofuna kuti chithandizo chifikire aliyense, ndipo ntchito ya asing'anga linkaiona ngati mdima wakale. Koma nkhondo itakula, zipatala zazing'ono zambiri za m'midzi zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Ambiri tinathawira ku Malawi. Otsala m'thengo anapulumuka ndi mizu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, boma linali litayamba kale kuwaona mwina asing'anga, ndipo bungwe lawo la AMETRAMO linakhala lodziwika m'dziko lonse.

Chifukwa chachiwiri ndi funso la mumtima. Dokotala amauza munthu dzina la matenda, sing'anga amayankha funso lina lakuti, "Bwanji ine, bwanji lero?" Amamvetsera mosathamanga, m'chinenero cha wodwalayo, ndipo amalandira nkhuku ngati ndalama palibe. M'dera ngati lathu, m'mene Achewa, Angoni, Anyungwe ndi ena akhalira pamodzi, gogo wosamva Chipwitikizi amachita mantha pamzere wa kuchipatala. Nchifukwa chake mabanja ambiri amayenda njira zonse ziwiri: m'mawa mapiritsi, madzulo mphika wa mizu.

Pa ntchito yanga ya ukatekisiti ndaona zoopsa ziwiri. Choyamba ndi kuchedwa. Ndatsogolera mapemphero a maliro a ana amene anakomoka ndi malungo, makolo ali pa ulendo wofunafuna amene anawalodza, pamene kuyeza kadontho ka magazi pachala kukanaulula matendawo tsiku lomwelo. Chimodzimodzi amene amasiya ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu chifukwa cha botolo la mizu: matenda amabwerera ndi ukali. Chachiwiri ndi ula umene umaloza chala nkhalamba yosalakwa, n'kugawa mudzi.

Mtengo ndi mphatso ya Mulungu, nzeru za dokotala nazonso ndi mphatso yake. Chimene tikukana ndi chidani ndi kuzengereza. Tikamayendera odwala m'miphakati yathu, titenge korona m'dzanja, komanso tifunse ngati wodwalayo wayezedwa. Ngati akumwa mizu, tim'limbikitse kuti awauze anamwino osachita manyazi. Ndipo ngati njinga yom'tengera kuchipatala palibe, ife ndife oyenera kuipeza.