Tisanamve za Carnegie, kwathu kunali Nthondo

Pitani ku Lilongwe mukaone mabuku akale omwe anyamata amayala pansi m'mbali mwa msewu. Pakati pa mabuku a sukulu ong'ambika simudzalephera kupeza aja olonjeza kuti mukawawerenga mtima wanu usintha, anzanu achuluka, ndipo ndalama zikutsatani. Ena mwa iwo amakwera minibasi n'kukafika ku Mitundu ndi ku Nathenje, m'matumba a aphunzitsi ndi ana a sekondale. Funso nali: kodi ifeyo tidayamba liti kufuna uphungu wa moyo m'buku?

Kunja nkhaniyi ndi yakale. Samuel Smiles adatulutsa Self-Help mu 1859. Dale Carnegie adabwera ndi How to Win Friends and Influence People mu 1936, Napoleon Hill ndi Think and Grow Rich mu 1937, kenaka m'busa Norman Vincent Peale ndi The Power of Positive Thinking mu 1952. Onsewa amalankhula kwa munthu mmodzi payekha: iwe dzuka, iwe limbika, iwe pambana.

Kwathu kuno uphungu sudali wa pepala. Mtsikana amaumva kwa anamkungwi ku chinamwali, mnyamata ku dambwe ndi kumphala, ndipo akuluakulu amawongolana pabwalo. Zinthu zidayamba kutembenuka pomwe amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, omwe adayambira ku Mvera mu 1889, adakhazikika pa phiri la Nkhoma mu 1896. Mukachoka ku Nathenje kulowera ku Dedza, msewu wake umapatukira pa Kamphata. Amishoniwo adadana ndi chinamwali, koma adaona kuti mwana sangakule wopanda malangizo, motero mpingo udakonza chilangizo chakechake. Makina osindikizira a ku Nkhoma nawo adayamba kutulutsa mabuku m'chinenero chathu.

Apa ndi pomwe akulowera mphunzitsi Samuel Josiah Nthara. Buku lake la Nthondo, lomwe lidatuluka mu 1933 litapata mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, limatsata munthu kuyambira kubadwa mpaka kufa: mnyamata wosamva, wakuba, woyendayenda kunja kwa dziko, yemwe pambuyo pake akubwerera kwawo, kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 n'kulitcha Man of Africa. Taonani zaka zakezo: Carnegie anali asanatulutse lake lija, koma Mchewa anali atafunsa kale chomwe chimaononga khalidwe la munthu ndi chomwe chimalikonza.

M'zaka za m'ma 1960 John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo, kuika papepala malangizo omwe kale ankamveka pamoto madzulo. Ambiri omwe tidalipeza kusukulu tinkaliwerengera mayeso basi, osadziwa kuti tagwira buku la maphunziro a khalidwe.

Kusiyana kwake kuli apa. Mlendo akuti upambane. Nthara ndi Gwengwe akuti ukhale munthu. Kwa iwo, wokula ndi amene amadziwa polowa pamaliro, polonjera apongozi, pogawa ndiwo zikachepa. Paja amati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Ophunzira athu adabwereranso ku mfundo yomweyi: Augustine Musopole adalemba za umunthu mu Being Human in Africa mu 1994, ndipo katswiri wa za maganizo Chiwoza Bandawe adatulutsa Practical uMunthu Psychology mu 2010.

Tisanamizane, akale athuwo sadali angelo. Nthondo ndi buku la mishoni, ndipo limaonetsa ngati munthu sangawongoke popanda tchalitchi. Malangizo ambiri akale ankauzanso mkazi kupirira ngakhale pomwe pafunika kulankhula. Carnegie naye ali ndi zake zothandiza: mnyamata wa ku Mitundu yemwe akukafunsira ntchito, kapena wakhoza kupita ku Bunda, ayenera kuphunzira kuyang'ana bwana m'maso ndi kudzinenera.

Chondiwawa n'chakuti la mlendo mulipeza pamsewu, pomwe la Nthara mungayende tsiku lonse osalipeza. Ngati m'nyumba mwanu muli Nthondo wakale m'sutikesi ya agogo, mtulutseni njenjete zisanamumalize. Mpatseni mwana wanu awerenge, kenaka mumfunse chomwe chidamubweza munthu uja kwawo.