Telala

Telala ndi mmisiri amene amayeza munthu, kudula nsalu ndi kusoka zovala monga madiresi, masiketi, mabulauzi ndi mayunifolomu a sukulu.

M'boma la Mwanza, lomwe lachita malire ndi Mozambique pa msewu wa M6 wochoka ku Blantyre kupita ku Tete, atelala ambiri amasokera pakhonde la sitolo kapena pakhomo. Zipangizo zawo ndi makina opalasa ndi mapazi a mtundu wa Singer kapena Butterfly, tepi yoyezera, choko, sizasi, ulusi ndi simbi yamakala.

Nsalu yofala ndi chitenje, chomwe chimagulitsidwa mamita awiriawiri. Ku Mozambique amachitcha capulana. Mwini chovala amasankha sitayilo pachithunzi kapena pafoni. Telala amayeza chifuwa, chiuno, mapewa ndi kutalika, n'kulemba m'kope, kenako amajambula ndi choko pansalu pomwepo. Ena amayamba adula pepala lachitsanzo, makamaka amene anaphunzira m'sukulu za ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Ambiri amaphunzira poonera kwa telala wamkulu.

Pa nkhani ya kavalidwe, lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Masiku ano ntchito ya utelala imapikisana ndi kaunjika, yemwenso atelala amamubweza kapena kumusintha.

Onaninso: chitenje, kaunjika.