Kansomba kodwala m'galasi ndi mbiri ya nyanja ya Chilwa

Ndinasowa masabata angapo chifukwa chochonga mayeso a ana a Fomu 2, koma lero ndapezako mpata. Ndikufuna tikambe za mbiri ya nyanja yathu ya Chilwa, ngakhale nkhaniyo ndiyambira pa kansomba kamodzi kamene kanandisowetsa tulo mwezi wathawu.

Mphwanga amene amakhala ku Blantyre anandibweretsera kansomba kofiira m'botolo. Dzina lake ndi betta, kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nalo, kumene kamakhala m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Kali ndi zipsepse zazitali zolendewera ngati chitenje. Pakhomo panga ndili ndi thanki yagalasi imene ndimasungamo matemba asanu ndi timakumba tiwiri, kuti ana a kalabu ya zachilengedwe aziona nsomba ikusambira osati ili pa nsima pokha. Mosaganiza bwino, mlendoyo ndinangomuponya momwemo. Pasanathe sabata ziwiri zipsepse zinayamba kudukaduka, m'mphepete mwake mukuyera, kansomba kakukhala pakona osadya. Matemba anali kukajompha, ndipo pamabala paja panalowa matenda. Komanso usiku kunkazizira, pamene betta amafuna madzi ofunda, a madigiri 24 mpaka 28.

Ndinakapatula n'kukaika m'chidebe chakechake. Ndinkasintha gawo la madzi tsiku ndi tsiku, n'kuthiramo mchere pang'ono, kasupuni kakang'ono pa malita asanu, ndipo usiku chidebecho ndinkachifunditsa nsalu. Bambo anga, amene anawedza pa Chilwa zaka zoposa makumi anayi, anandipeza ndikuchita zimenezi ndipo anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, ndiwo mwayamba kuzigoneka m'chipatala?" Koma atasuzumira m'thanki muja anasiya kuseka. Anati madziwo akuwakumbutsa 1968, ndipo kuyambira pamenepo tinacheza mpaka mdima.

Kuti timvetse zimene bambo ankanena tiyenera kudziwa kaye kapangidwe ka nyanjayi. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Phalombe, Sombani ndi Mnembo wochokera ku Mozambique yonse imathira momwemo, koma madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi. Pakati pa Chilwa ndi Chiuta pali mtunda wa mchenga umene unatseka njira kalekale. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri munthu amayendetsa bwato ndi mponda, ndipo madzi akamauma mchere umatsalira. David Livingstone atafika kuno mu Epulo 1859 anailemba kuti Shirwa, ndipo anaona kuti madzi ake ndi owawirako. Ana asukulu ndimawauza kuti Chilwa ndi thanki yaikulu imene palibe munthu angaisinthe madzi, amasintha ndi mvula yokha. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nsomba zimayamba kudwala nyanja isanaume n'komwe.

Ndi zimene zinachitika kuyambira cha m'ma 1966. Bambo akuti makumba ndiwo anayamba kufa, ankayandama m'mawa mimba zili m'mwamba, makamaka kukachita mphepo yamphamvu usiku. Anthu ankatola m'madengu, ena n'kumati wina wathira mankhwala, ena n'kumati mizimu ya ku Chisi yakwiya. Mwayi wake, nthawi yomweyo Yunivesite ya Malawi, imene inali itangotsegulidwa mu 1965, inayamba kafukufuku wa nyanjayi motsogozedwa ndi Margaret Kalk, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'buku lalikulu mu 1979. Akatswiriwo anaona nyanja ikuphwa, itauma mu 1968, ndiponso ikudzadzanso. Anapeza kuti madzi akachepa mchere umakwera, ndipo mphepo ikavundula matope apansi, matopewo amamaliza mpweya wa m'madzi n'kutsekanso makha a nsomba. Nsomba imafa ndi kubanika ili m'madzi momwemo. Ine chimene chimandisangalatsa n'chakuti msodzi wosapita kusukulu ndi katswiri wa ku yunivesite anaona chinthu chimodzi, mphepo usiku ndi nsomba zakufa m'mawa. Anangosiyana pofotokoza chifukwa chake.

Nsomba zathu zitatu sizifa mofanana. Makumba amafooka msanga. Matemba amathawira kumitsinje ndi m'njedza momwe madzi ali abwinoko. Mlamba ndiye wotsiriza, chifukwa pamwamba pa makha ake pali chiwalo chopumira mpweya wakunja, moti amatha kukhala m'matope a phala nsomba zina zonse zitatha. Apa ndi pamene betta wanga amafanana ndi mlamba, ngakhale wina ndi wa ku Asia wina wa kuno. Nayenso ali ndi chiwalo chotero, n'chifukwa chake amakwera pamwamba kukameza mpweya, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa amamusunga m'mabotolo. Koma kupirira si kukhala bwino ayi. Mlamba wa m'matope amakhala wowonda, mutu wokhawokha.

Nyanja itauma mu 1968, a boma anayesa njira yofanana ndi chidebe changa chija. Anasunga ndi kuswetsa makumba m'maiwe, makamaka pa malo a zansomba a ku Domasi, n'kukawathira m'nyanja madzi atabwerera. Ntchitoyo inali yodula, ndipo poyerekeza ndi kukula kwa nyanja nsombazo zinali zochepa. Zimene zinadzazanso Chilwa kwenikweni ndi nsomba zomwe zinabisala zokha m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo.

Kuuma kwa 1995 ndinakuona ndi maso anga. Ndinali mnyamata wa kusekondale, ndipo nditabwera kutchuthi ndinapeza mabwato atakhala pa dothi long'ambikang'ambika, madzi osaoneka mpaka kumene maso alekezera. Fungo lake sindidzaliiwala. Amuna ambiri a m'mudzi mwathu anapita ku Chiuta ndi ku Malombe, ena anayamba kuotcha makala ndi kusaka mbalame za m'dambo. Kwathu fizi yanga inalipidwa ndi mbuzi ziwiri za mayi. Nyanja imene m'zaka zabwino inkatulutsa matani oposa 20,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse za dziko lino, chaka chimenecho sinkatha kudyetsa ngakhale banja limodzi.

Ulendo uno anthu anali ataphunzirapo kanthu. M'malo moweta nsomba zatsopano, mafumu ndi a dipatimenti ya zansomba anagwirizana zoteteza zimene zinathawira m'mitsinje monga Domasi ndi Likangala ndiponso m'dziwe la Mpoto. Analetsa makoka m'maiwe amenewo, analetsanso katupe, mankhwala a zomera amene amapha chilichonse m'dziwe, chachikulu ndi chaching'ono. Anakhazikitsa makomiti a m'midzi olondera mitsinje, ndipo pambuyo pake makomiti a m'madooko. Taganizani zimene ankapempha. Munthu ana ake agona ndi njala, dziwe lodzaza matemba lili kuseri kwa nyumba, ndiye akumuuza kuti asakhudze. Sindinama kuti onse anamvera. Ineyo ndinadyako matemba ogwidwa usiku chaka chimenecho ndipo sindinafunse kumene achokera. Komabe zotsalazo zinakwanira. Mvula itabwera nsomba zinatsika ndi madzi n'kuswana, ndipo patangopita zaka ziwiri kapena zitatu matemba anali mbwee pa Kachulu. Matemba amakula msanga ndipo amaikira mazira ambiri, ngati kuti anapangidwira nyanja youmauma imeneyi. Malamulo otseka nyanja kwa a makoka nthawi ya dzinja, amene timakangana nawo chaka ndi chaka, analimba m'nyengo yomweyi. Ndi nthawi yomweyonso, Malawi italowa m'pangano la Ramsar mu 1997, pamene Chilwa inakhala dambo loyamba la dziko lino kulembedwa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse.

Madzi anatsikanso kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linauma. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabweretsa madzi ochuluka mpaka kumiza minda ndi nyumba za m'mphepete. Bambo amati kale munthu ankaona nyanja ikuuma kamodzi ali mnyamata, kawiri ali ndi imvi. Ine sindinakwane zaka makumi asanu koma ndaona kale katatu.

Zonse ndanenazi ndi matenda a madzi. Palinso matenda opatsirana enieni, ndipo amenewa ndi atsopano kwa ife. Mu Julayi 2020 ku Mchinji kunapezeka nsomba za zilonda zofiira zakuya, m'maiwe ndi m'mitsinje ya m'chigwa cha Bua. Matendawa amatchedwa EUS, ndipo amayamba ndi kachilombo konga nkhungu kotchedwa Aphanomyces invadans, kamene kamalowa pakhungu n'kudya mnofu. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, anasakaza nsomba m'maiko a ku Asia, kwawo kwa betta, ndipo anafika mu Africa mu 2006 pa mitsinje ya Chobe ndi Zambezi. Amakonda nyengo yozizira, ndipo milamba ndi nsomba za mtundu wa matemba zimagwidwa mosavuta. Nsomba za mumtsinje zikadwala palibe mankhwala ozichiza. Boma linaimitsa usodzi ndi kunyamula nsomba m'madera okhudzidwawo, ndipo alimi a maiwe analangizidwa kuumitsa maiwe ndi kuthira laimu. Kachilomboka sikadwalitsa munthu, koma kamayenda ndi nsomba zamoyo, madzi, maukonde onyowa ndi mabwato. Tsono kumbukirani kuti msodzi wa Chilwa ndi munthu woyendayenda, nyanja ikaphwa amanyamula ukonde wake kupita kwina, ikadzadza amabwera nawo. Ndipo nyanja yathu ilibe potulukira.

N'chifukwa chake ndinakana pamene mwana wina wa m'kalabu anati betta tikangomutaya mu ngalande ya mpunga, akachire yekha kumadzi aakulu. Mwanayo anaganiza mwachifundo, koma nsomba yodwala yochokera kunja sitiponya m'madzi othira m'Chilwa. Dziko lino linakumanapo kale ndi funso limeneli. Nsomba ya carp inabwera mu 1976 kuti iziwetedwa m'maiwe ndipo inkakula bwino, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linailetsa poopa kuti ikathawira m'nyanja ya Malawi idzasokoneza nsomba zathu. Alimi ena mpaka lero amadandaula nazo. Ine pa nkhani imeneyi ndili mbali ya oletsa, ngakhale ndikudziwa kuti sindine ndinataya phindu. Ngakhale madzi a m'chidebe cha betta ndinkawathira m'dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, osati m'ngalande.

Kansomba kaja kanayamba kudya pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Panopa m'mphepete mwa zipsepse mwamera kakhungu kopyapyala koonekera, chizindikiro choti zikuphukanso, ngakhale sizidzatalika ngati poyamba. M'thanki ya matemba sikadzabwereramonso, ndakagulira mtsuko wagalasi waukulu wa malita khumi. Dzulo bambo anabweranso kudzakaona. Anakayang'ana nthawi yaitali kakukwera pamwamba kumeza mpweya, kenaka anafunsa mtengo umene mphwanga anagulira. Nditawauza anagwira pakamwa, nati ndalama imeneyo pa Kachulu ikanagula matemba odya sabata yathunthu. Atatero anatenga chakudya cha nsomba patebulo, natsina pang'ono n'kukaponyera okha.