Kantchentche ka pa mango n'chifukwa chake simukagwira

Tintchentche tofiira maso tija timazungulira mango ndi matimati m'mbali mwa msewu pa Shimabala tili ndi mbiri yaitali m'sayansi. Mu 1910, Thomas Hunt Morgan ankatigwiritsa ntchito ku Columbia University pofufuza za chibadwa. Chinsinsi cha liwiro lake chinadziwika pambuyo pake.

Mu 1948, Maxwell Power anafotokoza za mitsempha iwiri ikuluikulu yochoka mu ubongo wa kantchentche kutsikira m'chifuwa. Mu 1980, Robert Wyman ndi anzake ku Yale anatsata njira yake. Uthenga wa ngozi umathamanga m'mitsemphayo n'kukadzutsa minofu ya miyendo yapakati. Kantchentche kamadumpha, mapiko n'kutsatira. Mu 2008, makamera a ku Caltech anaonetsa kuti kasanadumphe kamayamba kasuntha miyendo, kuti kathawire kutali ndi dzanja lanu.

Komatu kwawo kwenikweni n'kuno. Akatswiri ambiri amati mtunduwu unachokera m'chigawo chathu chino cha Africa, ndipo mu 2015 anasindikiza majini a tintchentche 197 togwidwa ku Siavonga. Tintchentche n'tathu, koma mbiri yake ikulembedwabe kunja. Achinyamata a ku Kafue, mutu wotsatira ukudikira inu.